Usanakwere basi ya ku Lilongwe

Mphwanga,

Uthenga wako ndinaulandira, koma sindinafune kuyankha pa foni, chifukwa nkhani ngati iyi mayunitsi amatha isanafike pakati. Ukuti watopa naye Balaka. Ukuti dzuwa likangolowa tauni yonse imagona, anzako amene unalemba nawo mayeso a Fomu 4 ali ku Lilongwe, ndipo zithunzi zimene amaponya pa Facebook zimakusowetsa tulo. Maganizo ako ndi akuti utseke benchi yako yokonzera mafoni, ugulitse ndime imene agogo ako anakulozera, ukwere basi upite kumene kukuchitika zinthu.

Sindikukuletsa kupita. Inenso ndinachoka kwathuko ndili mnyamata, ndakalambira muno mu Blantyre, ndipo ana anga sadziwa kwina. Munthu wotere akamauza mwana kuti m'tauni musamapite, amakhala akunama. Chimene ndikufuna n'chakuti usananyamule chikwama, uthe kutchula chinthu chenicheni chimene ukuchitsata. Ngati ndi ntchito, ntchito yanji, kwa ndani, malipiro ake ndi angati. Ngati ndi sukulu, iti. Ngati ndi mmisiri wodziwa kuposa iwe, ali pati, ndipo wavomera kodi kuti ukakhale naye? Koma ngati yankho lako ndi lakuti kumeneko ndiye kuli moyo, khala kaye pansi, chifukwa pa zifukwa zonse zimene anthu amasamukira, chimenechi ndicho ndaona chikubweza ambiri chimanjamanja.

Lilongwe wa pazithunziyo alipodi. Pa Bwandilo ku Area 47 anthu amachezeradi mpaka mbandakucha, Bingu National Stadium imadzazadi Flames ikamasewera, misewu yatsopano ndi yotakatadi. Koma palibe munthu amene amakhala mu Lilongwe yense. Munthu amakhala m'chipinda chimodzi, m'dera limodzi, ndipo tsiku lake lonse limathera pa msewu wa pakati pa chipindacho ndi pamene amapezera ndalama. Kwa mnyamata wongofika kumene, chipindacho chimakhala kwa Mtandire, kwa Chinsapo, ku Mgona, ku Kauma kapena mkatikati mwa Area 36. Mtandire ayandikana ndi Area 47, koma kuyandikana sikulowa. Chisangalalo cha m'tauni n'chogulitsa. Amalipiritsa pakhomo, amalipiritsa pa botolo, ndipo wa kabaza amalipiritsanso kawiri pobwerera usiku minibasi zitaleka kuyenda. Anzako amajambula usiku umodzi wa pakutha pa mwezi. Masiku enawo, amene amagona atadya tchipisi cha pachiwaya pa ngongole kapena osadya n'komwe, sajambula. Sindikuwadzudzula ayi, palibe mwana amafuna kuti akwawo adziwe kuti zikumuvuta.

Kalembera wa 1977 anapeza anthu osakwana 100,000 mumzinda wa Lilongwe, patangopita zaka ziwiri likulu litasamuka kuchoka ku Zomba. Wa 2018 anapeza pafupifupi 990,000. Mzinda unakula kakhumi ife tikuona ndi maso. Mafakitale a ku Kanengo, maofesi a ku Capital Hill, mipopi ya madzi ndi nyumba zabwino sizinachuluke pa liwiro limenelo. N'chifukwa chake ambiri amene ukawapeze kumeneko sali pa ntchito yolembedwa. Ali pa geni, pa ganyu, pa kabaza, ena akugulitsa kaunjika ku Tsoka. Si zamanyazi zimenezi, zikudyetsa mabanja ndi kuphunzitsa ana, koma dziwa kuti limeneli ndi gulu limene ukukalowamo, ndipo onsewo anafika iwe usanafike.

Kamangidwe ka mzindawo nakonso kamadya ndalama. Amene anajambula mapulani a likulu anaumwaza: Old Town kwake, City Centre kwake, Kanengo kutali kumpoto, pakati pali mitunda. Minibasi zambiri zimathera ku depoti, moti kuchoka dera lina kupita lina nthawi zambiri umakwera ziwiri, pobwerera ziwirinso. Mafuta akasowa, monga zakhala zikuchitikira zaka zapitazi, kondakitala amakweza mtengo m'mawa womwewo, ndipo wokana amatsala pa siteji. Ku Balaka umapita pa benchi wapansi, ukachedwa umakwera njinga. Ndalama imene suipereka kwa kondakitala ndi gawo la zimene umapeza, ngakhale suigwira m'manja.

Tenga kope uwerengere. Mu 2024 boma linaika K90,000 ngati malipiro otsikitsitsa a pamwezi, ndipo anyamata ambiri a m'mashopu ndi alonda ankalandira za pomwepo, ena zocheperapo. Chotsapo lendi. Eni nyumba ambiri amafuna ya miyezi iwiri kapena itatu usanalowe, ndipo dobadoba wokusonyeza nyumbayo amafunanso yake, uikonde usaikonde. Chotsapo madzi a pa kiyosiki, amene umagula ndowa ndi ndowa, osamba, ochapira, ophikira. Chotsapo makala. Chotsapo mayunitsi a magetsi amene mumasonkherana anthu a mdadada wonse pa mita imodzi, n'kumakangana kuti ndani akuphikira hotipuleti mobisa. Nkhwani, bonongwe ndi chisoso zimene mayi ako amangothyola kuseri kwa nyumba, kumeneko ndi za pamulu, ndipo mulu uliwonse uli ndi mtengo. Ngakhale chimbudzi cha mumsika n'cholipira. Ufa ukatha mwezi usanathe umagula wa m'kapepala wongokwana nsima ya usiku umodzi, ndipo wogula motero amalipira zambiri pa kilo kuposa bwana wogula thumba lathunthu.

Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo m'magolosale inasintha mawa lake, koma malipiro anadikira miyezi. Amene anali ndi matumba a chimanga cholima okha m'nyumba anamva ululuwo mochedwa ndiponso mocheperako. Ife a m'tauni tinaumva tsiku lomwelo. Apa ndi pamene wa katapila amakupezera: ubwereka K10,000 pakati pa mwezi, ubweza K15,000 pakutha pake, ndipo mwezi wotsatira umauyamba malipiro atagawika kale. Ntchito yako ilinso ndi vuto lake lapadera, lakuti imadalira magetsi. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo okonza mafoni, owotcherera ndi ometa a m'mizinda ankangokhala pa mabenchi awo kudikira kuti ayaka liti, lendi ya malo ikuwerengedwabe.

Ukuti ukafikira kwa achimwene ako a kwa mayi aang'ono ku Area 25. Ndi anthu abwino ndipo akakulandira ndi manja awiri. Koma mlendo ndi mame. Sabata yoyamba akakuphera nkhuku. Ukafika mwezi wachitatu mbale yako idzayamba kuwerengedwa, osati chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa thumba la ufa limene linkatha masabata anayi layamba kutha atatu. Amene amasenza mtolo umenewu si achimwene akowo, amene amachoka m'mawa n'kubwera usiku, koma alamu ako. Iwowo ndi amene amagawa ndiwo zosakwana, amasamutsa ana kuti iwe upeze pogona, amapirira mnyamata wandevu atakhala pabalaza masana onse akutchaja foni. M'nyumba mwanga mwadutsa ana a abale ambiri, ndipo ndaona ubale wolimba ukusweka pa nkhani ya sopo ndi shuga. Choncho usanapite mugwirizane poyera kuti ukhala miyezi ingati ndipo uzisonkha zingati. Tsiku limene ulibe ndalama, tunga madzi, sesa pabwalo, perekeza ana kusukulu, osadikira kutumidwa. Alamu ako uziwapatsa moni wa m'mawa ndi ulemu wonse, ndipo ukapeza kanthu, kaya ndi paketi ya shuga, uzipereka m'manja mwawo, osati mwa achimwene. Ndipo uchoke iwo asanayambe kulakalaka kuti uchoke.

Tsiku limene uzikafuna nyumba yakoyako, usakaione mu Ogasiti. Nyumba ya lendi imaonedwa mvula ikugwa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Tinaika maliro ambiri muno mu Blantyre masiku amenewo, ndipo ena sanapezeke mpaka lero. Anthu amenewo sanali opusa pokhala m'mbali mwa phiri. Anapita kumene ndalama zawo zinakwana. Wobwera kumene m'tauni amapatsidwa malo amene ena anawakana: m'mphepete mwa mtsinje, m'dambo, m'tsinde mwa phiri. Ku Lilongwe kulibe mapiri otero, koma Lingadzi akasefukira amalowa m'nyumba za kwa Mtandire. Ukayang'ane pakhoma ngati pali mzere wa pamene madzi analekezera. Ukafunse okhala nawo pafupi, osati mwini nyumba. Kenaka ukaone chimbudzi, udziwe kuti mabanja angati akulowamo, ndiponso kuti chitsime chili mapazi angati kuchokera pamenepo. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo inavuta kwambiri mu Lilongwe ndi mu Blantyre moti mu Januwale 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda iwiriyi. Nyumba yotchipa kwambiri pa dera lonse imakhala ndi chifukwa chake, uchifufuze usanapereke ndalama.

Tsono usaganize kuti ndikutamanda kukhala pamodzimodzi. Malo aang'ono ali ndi zowawa zake, ndipo ndimazidziwa. Makasitomala ako amakhala ndi ndalama nthawi ya thonje ndi ya nandolo, miyezi ina benchi imangokhala. Mu 2017 dziko la India litachepetsa kugula nandolo mtengo unagwa, alimi akum'mwera kuno anatsala ndi matumba m'nyumba, ndipo aliyense wodya kwa mlimi anamva njala yomweyo. Ambiri okubweretsera mafoni ndi abale kapena a mpingo, amatenga pa ngongole, ndipo sungawakumbutse popeza mawa mukumana pa maliro. Ukagula njinga yamoto anthu amayamba kunong'onezana kuti wakhwima. Ukayesa chachilendo amafunsa kuti kodi mwana wa uje uja akudziona ngati ndani. Mumzinda waukulu muli ufulu umene kwathuko kulibe: palibe amene amadziwa agogo ako, choncho palibe wokuuza kuti a mtundu wanu simungathe. Ufulu umenewu ndi weniweni, ine unandithandiza. Kwa atsikana ngati mlongo wako, amene anthu ayamba kale kumufunsa za banja asanamalize sukulu, nthawi zina ndi umene umapulumutsa tsogolo lonse, ndipo iyeyo akadzapeza malo a sukulu kutali ndidzakhala woyamba kumuikira kumbuyo.

Palinso zimene sungaziphunzire pamalo pamene iwe ndiwe wodziwa kuposa onse. Umasintha sikirini, batire ndi potchajira, koma foni ikafa pa boodi umaibweza kwa mwini wake. Ku Lilongwe ndi ku Limbe kuli anyamata amene amaika boodi pansi pa maikulosikopu, n'kuchotsa IC yakufa, n'kuwotcherera ina, foni n'kudzuka. Ukanandiuza kuti mmodzi wa amenewo wavomera kuti ukhale pambali pake theka la chaka, ndikanakutumizira thiransipoti lero lomwe. Ukanati wapeza malo ku Lilongwe Technical College, ku Soche Technical College kapena ku MUBAS, ndikanagulitsa mbuzi. Amene ali ndi mwana wodwala wofunika madokotala a ku Kamuzu Central kapena ku Gulupu mwezi ndi mwezi, nayenso ali ndi chifukwa chomveka. Dziko lino linaunjika zipatala zazikulu, masukulu ambiri aukachenjede ndi maofesi m'mizinda inayi yokha, ndipo wotsata zimenezo sakulakwa.

Koma uwerengenso chimene ukusiya. Ku Balaka anthu amakudziwa. Mayi wogulitsa tomato foni yake ikazima amangotuma mwana kuti kapereke kwa uje, osafunsa n'komwe mtengo. Kukhulupiriridwa kotero unakumanga pang'onopang'ono, foni ndi foni, ndipo sikukwera nawe basi. Ku Lilongwe ukakhala mmodzi mwa okonza mafoni ambirimbiri ondandana mumsewu umodzi, ena ali ndi zida zoposa zako, ena amakaoda okha zipangizo ku Dar es Salaam n'kumagulitsa pa mtengo umene iwe sungaufike. Malo oika benchi ndi olipira. Ukaika thebulo m'mbali mwa msewu, a khonsolo amakulanda katundu. Chiyambire Operation Dongosolo yochotsa mavenda m'misewu mu 2006, mkangano wa mavenda ndi makhonsolo umangozima n'kuyakanso. Mbande ya tomato amaiwokera nthaka ili yonyowa, phando litakumbidwa kale. Ukaizula dzuwa likuswa mtengo n'kumayendayenda nayo kufuna pobzala, imafota, ngakhale inali yathanzi pa nazale.

Ndipo Balaka amene ukumunena kuti ndi wogonayo ndikufuna umuyang'anenso. Alleluya Band inayambira pomwepo mu 1978, ana a pa parishi ndi zida zochepa. Paul Banda atatsegula situdiyo yake, oimba ankachoka m'mizinda ikuluikulu kukajambulitsa ku Balaka, ndipo m'zaka za m'ma 1990 makaseti amene ankalira m'minibasi ndi m'mabala a mu Blantyre ndi mu Lilongwe ambiri anali a Lucius Banda ndi anzake ochokera kwanuko. Ife a m'tauni ndi amene tinkavina za ku Balaka. Reggae ya Evison Matafale ndi Black Missionaries inatulukira m'mudzi wa Singano ku Chileka, osati mu Victoria Avenue. Mzinda waukulu umagulitsa chisangalalo, koma kawirikawiri chimakhala chitapangidwira kwina, ndi anthu amene anali ndi nthawi, malo osadula ndi anzawo ochepa olimbikira chinthu chimodzi. Sindikuti uyambe kuimba. Ndikuti kusowa chochita madzulo ndi vuto limene anyamata asanu akhoza kulithetsa ndi timu ya mpira, ndi kanema woonetsa ligi ya ku England, kapena ndi kwaya, ndipo zimenezo n'zotchipa kwambiri kuposa kusamutsa moyo wonse.

Komanso Balaka ali pakati. Basi ya m'mawa imakufikitsa ku Blantyre kapena ku Lilongwe nkhomaliro isanakwane. Ukhoza kubwera kudzaonera Bullets ndi Wanderers, kuoda masikirini ku Limbe, kugona kuno, n'kukatsegula benchi Lolemba. Zipangizo zina sufunikanso kuzitsata, umatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, katundu n'kubwera ndi kondakitala. M'nthawi yathu zimenezi kunalibe, wofuna za m'tauni ankayenera kukhala m'tauni. Inu muli ndi mwayi wodya za mumzinda osalipira lendi ya mumzinda.

Udzifunsenso mwachinsinsi chimene chakutopetsa kwenikweni. Ana ena amene anafika pakhomo panga ndi zikwama ankati atopa ndi mudzi, koma tikacheza bwinobwino zinkapezeka kuti chibwenzi chatha, kapena anayambana ndi bambo awo, kapena mnzawo wa m'kalasi wagula galimoto ndiye mtima sukukhazikika. Zotere zimakwera nawe basi, n'kukakupeza m'chipinda cha lendi mmene mulibe wokutonthoza.

Ndikuchenjezeretu za chimene chimabwera pambuyo pake. Ukakhala ku Lilongwe miyezi ingapo zinthu zisakuyenda, wina adzakuuza kuti kunonso n'kogona, moyo uli ku Joni. Njira imeneyo ndi yakale. Depoti ya Wenela muno mu Blantyre inatenga dzina la bungwe limene linkanyamula azigogo ako kupita nawo kumigodi, mpaka ndege inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha amuna a ku Malawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Alipo amene apita ku Joni n'kumanga nyumba zamalata ku Mangochi ndi ku Mzimba, zimenezo n'zoona. Aliponso amene anathawa zipolowe za 2008 ndi 2015 atanyamula jumbo yokha, ena pa mabasi amene boma linatumiza. Aliponso amene masiku 30 a pa pasipoti anawathera n'kukatsekeredwa ku Lindela. Ndi machona amene mpaka lero amayi awo sadziwa ngati ali moyo. Zipolowe sizisankha, zinagwera ndi olimbikira omwe. Koma mwa amene ndawaona akupindula, pafupifupi onse ankadziwa kumene akukafikira, ntchito imene akukagwira, ndi chimene adzagule akabwerera. Wongotsata kumene kukumveka phokoso sakhazikika, chifukwa patsogolo pamakhala mzinda wina umene ukumveka kuposa.

Za munda, apa sindikulangiza, ndikulankhula monga mwinimbumba: ndime ija sigulitsidwa. Si yako wekha, ndi ya mbumba, ndipo agogo ako anakulozera kuti uzilima, osati uisandutse lendi ya miyezi itatu. Ndalama ya munda imatha chaka chisanathe, koma munda subwereranso, chifukwa anthu tikuchuluka, tinapitirira 17 miliyoni pa kalembera wa 2018, pamene nthaka ndi yomwe ija. Matenda a Covid-19 atayimitsa ntchito zambiri mu 2020, ndinaona amuna a mabanja awo akukweza mipando pa lole kubwerera kumudzi. Amene anali ndi pofikira anakalima, n'kudzukanso. Amene anagulitsa anakagwada kwa alongo awo kupempha mizere ingapo. Ngati sulima, mlongo wako alime, kapena uibwereketse kwa nyengo imodzi pamaso pa amfumu. Matumba awiri kapena atatu ochokera mmenemo akakupeza ku Lilongwe pa basi, ndipo kufunika kwake ukakuona mu Febuluwale chimanga chitakwera mtengo. Mpamba wa ulendo uchoke pa benchi. Ngati benchi singathe kukusungira ndalama ya miyezi itatu ya m'tauni, ndiye kuti nthawi yopita sinakwane.

Pali china chimene atsibweni ambiri amachita nacho manyazi, koma ine ndikuuza. Anzanga amene tinkakhala nawo ku Ndirande, anyamata amphamvu, otchena, odziwa bala iliyonse kuyambira ku Limbe mpaka ku Chirimba, ambiri tinawanyamula m'mabokosi m'zaka za m'ma 1990, ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004. Kwathu ukasowa pabwalo tsiku limodzi wina amadzagogoda. M'tauni ukhoza kudwala sabata yathunthu chitseko chili chotseka, wa khomo loyandikana osadziwa ngakhale dzina lako. Kusungulumwa kotero, kukakumana ndi kandalama m'thumba popanda wokuyang'ana, n'kumene kunatengera anzangawo kumene anapita. Lero mankhwala alipo, koma kachilombo sikanachoke. Kayezetse usananyamuke udziwe mmene ulili, kondomu uziyenda nayo osachita manyazi, ndipo mowa wotchipa wa m'timabotolo uziuopa kuposa mbava.

Ukaona kuti zonsezi waziyeza ndipo mtima ukadali komweko, pita, ndipo upite ndi madalitso anga. Koma benchi usatseke, musiyire mnyamata amene ukumuphunzitsa uja muzigawana. Dziikire malire, kaya ndi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo tsiku lake uuze mayi ako ndi ine, kuti likadzakwana tidzakufunse. Ndalama yobwerera uisunge padera, pa nambala imene suigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo usaikhudze ngakhale njala itavuta motani. Ambiri amene akuzunzika m'tauni sakukhalira kukonda, akukhalira kusowa thiransipoti ndi manyazi. Manyaziwo ndikuchotseretu: wobwerera kwawo sanalakwire munthu, ndipo pakhomo pathu palibe adzakuseke ine ndili moyo. Aliyense wokuuza kuti upereke ndalama kuti akupezere ntchito ndi wakuba, ngakhale atavala tayi n'kumatchula maina a mabwana. Chiphaso chako cha unzika ndi satifiketi ya MSCE usasiyire munthu, uzipereka mafotokope. Sabata yoyamba yomweyo ukadzionetse ku mpingo ndi kwa anthu akwathu amene amasonkhana kumeneko, ulowe m'gulu losonkherana, chifukwa m'tauni matenda amafuna galimoto yolipira, maliro amafuna bokosi logula, ndipo amene amabwera kudzathandiza ndi okhawo amene anakuonapo pa mavuto a ena.

Pakadali pano chita ichi. Lemba m'kope ndalama zonse zolowa ndi zotuluka pa benchi kuyambira mawa mpaka kutha kwa mwezi wamawa, ndi ngongole za abale zomwe. Uwaimbire achimwene ako ku Area 25 uwafunse mtengo weniweni wa chipinda, wa ndowa ya madzi, wa thumba la makala ndi wa minibasi yopita m'tauni, ulembenso zimenezo tsamba lina. Ukatero ubwere ndi kopelo kuno ku Chilomoni tidzawerengere limodzi. Ndili ndi mnzanga ku Limbe amene mwana wake amakonza maboodi, ndipo ndamupempha kale kuti ukakhale pa benchi yake masabata awiri, uone mmene ntchito ya m'tauni imayendera, kuyambira pa kudzuka m'bandakucha mpaka pa kuwerenga zotsala madzulo. Akunyumba akupereka moni, ndipo akuti pobwera utenge nandolo wouma.

Ndine atsibweni ako.